Ndewu Imene Tinapangana ndi Apongozi

Apongozi anga aamuna anayamba kuonera mpikisano wa m'nyumba ine ndisanakwatiwe pakhomo pawo. Ndi pulogalamu ya pa TV imene amatenga anthu osadziwana, kuwatsekera m'nyumba imodzi, ndiye sabata iliyonse eniakewo amavota kuchotsa mnzawo mmodzi mpaka kutsala wopambana. Lamulungu lililonse dzuwa likapendeka, Bambo ankakhala atasamba kale, atavala shati ya mabatani, ali pampando wawo, ndodo ili pakati pa miyendo. Mlendo akabwera nthawi imeneyo ankadzicheza yekha.

Ine ntchito yanga ndi kuchapa ndi kusita zovala za anthu. Tebulo lositira lili pabalaza chifukwa ndi pamene pali soketi yosathetheka, choncho pulogalamuyo ndinayamba kuionera mosafuna, simbi ili m'manja. Poyamba ndinkangoona anthu aulesi, ogona pa sofa tsiku lonse n'kumajedana. Bambo ndiwo anandiphunzitsa kuonera. Iwo anayendetsa basi mpaka tsitsi kuyera, ndipo ankati munthu umamudziwa pa galasi loonera kumbuyo, pamene iye akuganiza kuti maso ako ali pamsewu. Anyamata a minofu ndi atsikana okongola analibe nawo ntchito. Ankakonda akathyali, aja amakuthandiza kusenda anyezi m'mawa, madzulo n'kukuvotera kuti uchoke. Chaka china munali mtsikana amene Bambo anamutcha Kachetechete, woti ankangotsuka mbale n'kumamvetsera, koma onse ochoka ankachoka ndi dzanja lake. Mpaka lero amamutchula ngati m'bale wawo amene anasamukira kutali.

Mwamuna wanga anamwalira mwana wathu Kanyerere akuyamwabe. Dzina limeneli anamupatsa ndi agogo akewo chifukwa sakhala pansi. Sindinachoke pakhomopo, popeza kwa amayi anga ndi chipinda chimodzi ndipo muli kale azing'ono anga. Kenako Bambo anadwala sitiroko. Pakamwa panabwerera, koma mwendo wakumanzere unatsala wokhwekhwereza, ndipo panabwera vuto lina limene anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, makamaka ana awo: akagona, madzi ankawapulumuka asanafike kuchimbudzi. Ndinasokera pulasitiki pamatiresi. Nsalu zawo zogonera ndinkazichapa m'mamawa n'kuziyanika pakati pa za makasitomala, kuti woyang'ana pachingwe azingoona bizinesi.

Bambo ali ndi ana aakazi awiri. Wamng'ono amakhala kutali, timangomva mawu pafoni. Wamkulu, alamu anga, ali ndi shopu ya makatani ndipo amakhala pamwamba pa shopuyo. Ndi iwo amene anaimba foni kunena zimene agwirizana awiriwo: Bambo asamukire kwa iwo, nyumba ino alowemo alendi, ndipo ine, poti ndidakali mtsikana, asandimangirire, ndikaone zina. Anazinena mokoma, moti ukanati akundipatsa mphatso. Zimene sananene ndinazimva kwa mayi wogulitsa mazira kuseri kwathu, kuti ana a Bambo akudabwa ndawadyetsa chiyani bambo awo kuti chilichonse azingoti amake Kanyerere, amake Kanyerere. Alamu anati abwera Loweruka la sabata yotsatira kudzayeza mawindo ndi kuona katundu woti anyamule.

Ine sindine wolira. Ndinayamba kufunsa za zipinda za lendi, ndipo pafupifupi kulikonse akamva kuti ndili ndi mwana komanso ndimafuna chingwe changachanga choyanikira, ankati chipindacho chatengedwa dzulo.

Lamulungu lakelo, pulogalamu ili mkati, Bambo anachita chinthu chimene ndinali ndisanaonepo. Anachepetsa mawu a TV.

"Amake Kanyerere, mwamuona wachotsedwayu? Sanalakwire munthu. Wachoka chifukwa ankagwirizana kwambiri ndi mnzake wa ndevu uja. Awiri akamamvana, enawo tulo sawona, ndiye amayamba ndi kuwalekanitsa. Ife ndi amenewo."

Ndinawafunsa kuti ndiye titani. Anati tiyambane. Loweruka alamu akafika, iwo adzasanduka nkhalamba yovuta, yoti palibe angaifune m'nyumba mwake, ndipo adzandikalipira kuti ndawawotchera shati. Ine ndidzawayankhe mwamwano. Alamu akaona kuti sitimvana, mantha oti ndikufuna nyumba adzawathera, ndipo akaona kuvuta kwa bambo awo adzati bola chimtolo chimenechi chitsale ndi ine.

Ndinawauza kuti za pa TV ndi za pa TV. Anandifunsa ngati ndili ndi nzeru ina. Ndinalibe.

Sabata yonse tinkayeserera Kanyerere akapita kosewera. Mawu anga anali ochepa: ngati sizikukusangalatsani, muzisita nokha. Koma kuwanena kwa munthu amene ndimamupatsa madzi ndi manja awiri kunali kovuta kuposa kuchapa bulangete. Ndikayamba bwino, kumapeto ndinkapezeka ndawonjezera kuti pepani. Nthawi zina ndinkaphulika kuseka. Bambo ankapukusa mutu n'kunena kuti ine m'nyumba muja ndikanachoka sabata yoyamba, chikwama ndisanamasule. Chimene chinandiwawa kwambiri chinali shatiyo. Chiyambire ntchitoyi sindinawotchepo chovala cha munthu, koma Lachisanu ndinatenga shati yakale ya Bambo, n'kuikapo simbi, n'kuyang'ana kumbali mpaka fungo litamveka.

Loweruka ndinamusiya Kanyerere kwa mayi wa mazira, chifukwa mwanayo pakamwa pake palibe chitseko. Alamu anafika chakumasana, tepi yoyezera ili m'khosi, pensulo ili m'tsitsi. Tinapatsana moni, ndinawapatsa tiyi, ndipo anayamba ndi windo la pabalaza.

Bambo anatsokomola n'kuyamba. Anakweza shati ija m'mwamba ngati mbendera, anati aone ana awo mmene akuzunzikira, munthu wosita za anthu ena bwinobwino koma zawo n'kumawotcha dala. Anagogoda ndodo pansi. Anawonjezera kuti akasamuka akufuna wailesi yawo izilira usiku wonse ndipo mazenera asamatsekedwe ngakhale kukugwa mvula. Ndinanena mawu anga aja. Anatuluka ngati ndikufunsa njira.

Alamu sanatembenuke n'komwe. Anamaliza kuyeza, analemba padzanja, kenako anati:

"Bambo, pulogalamu ija ndinayamba kuonera nanu ndine, ndili pasukulu. Shati imeneyo munasiya kuvala amayi adakali moyo. Ndipo alamu, mukafuna kunamiza munthu muziwotcha kolala. Simbi siipsereza pakati pamsana mowongoka chonchi."

Manyazi anandigwira. Mumtima ndinati basi, zathera pamenepa, Lolemba ndiyambirenso kufunsa zipinda.

Bambo anaika shatiyo pansi. Kenako analankhula ndi mawu ena, otsika, opanda ndodo. Anati chabwino, agwidwa, ndipo mwina ndi bwino mwana wawoyo awatenge ndithu. Anati kunena zoona, pano palibe chimene ndimawachitira choposa kuwathirira tiyi, ndipo tiyi angathire aliyense. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti munthu amene anathawa sukulu ndi mimba angadziwe chiyani za kusamala wodwala.

Zimenezo sitinapangane. Za sukulu ndinawauza ndekha tsiku lina ndikusita, mmene ndinabwezera mabuku ndikulira, ndipo iwo tsiku limenelo anandiuza kuti mutu wanga ndi wabwino kuposa wa mwana wawo, malemu mwamuna wanga. Ndinaiwala zoti pali alamu, n'kuwatembenukira Bambo.

"Tiyi? Ine ndimathira tiyi, Bambo? Amene amakudzutsani mutanyowa ndani? Amene amakusinthani, n'kuchapa nsalu zanu anthu asanadzuke kuti musachite manyazi, ndani? Pulasitiki ya pamatiresi anasoka ndi a sukulu? Ana anu amaimba foni n'kumati Bambo mukumveka bwino. Mukumveka bwino chifukwa msana wanga ndi umene sumveka."

Nditatseka pakamwa ndi pamene ndinamva zimene ndanena. Ndinali nditaulula chinthu chimodzi chokha chimene munthuyo anandipempha kubisa, pamaso pa mwana wake wamkazi. Bambo anali atazyolika, akuyang'ana zala zawo.

Alamu analowa kuchipinda kwa Bambo, ndipo ndinamva pulasitiki ija ikuchita phokoso pamene ankatukula nsalu. Anakhalitsamo. Potuluka, tepi ija inali itachoka m'khosi. Anandifunsa motsitsa mawu ngati zimachitika kawirikawiri, ndinati eya. Anafunsa kuti ndimawadzutsa bwanji ndekha munthu wamtali chonchi, ndinawaonetsa: phewa langa kukhwapa kwawo, bondo kutchinga mwendo wofookawo. Anayang'ana bambo awo, kenako anakhala pansi penipeni pafupi ndi mpando, chovala chawo chabwinocho, n'kuwagwira phazi.

Ndinapita kukhitchini kuti alankhulane. Ndinatsuka makapu oyera kale. M'mutu ndinkasankha zoti ndinyamule: simbi, beseni lalikulu, zovala za mwana. Tebulo ndi la pakhomo pano, ndiye ndikasita pansi. Ndinkadziwa kuti kwa alamu kuli masitepe ndipo chimbudzi chili kumapeto kwa khonde, koma ndinkadziwanso kuti munthu wonyoza bambo a anthu pamaso pawo sasungidwa.

Alamu anandipeza komweko. Maso anali ofiira. Anati iwo amatsika kushopu m'mawa n'kukwera madzulo, ndipo masitepe aja Bambo angawakwere kamodzi kokha, tsiku lofika. Anati za alendi zatha, mng'ono wawo amuuza okha, ndipo akaumirira amutumizira nsalu imodzi akachape. Kenako anandifunsa ngati ndingalole kukhalabe. Sanandiuze, anandifunsa, ndipo anadikira yankho ataima. Ndinati ndikhala, koma Loweruka lililonse m'mawa azibwera, chifukwa ndi tsiku limene ndimapereka zovala kwa makasitomala ndipo Bambo amatsala okha. Anati abwera. Ndinati ndi matiresi omwe atha, pulasitiki ikungobisa. Anati abweretsa ena.

Pochoka anatenga nsalu zimene ndinaviika m'beseni m'mawa uja, anazifinya okha, n'kuziika m'thumba limene anabweretsa kuti atengeremo mbale za amayi awo. Ndinawaletsa, anati ndisawalande zimenezi.

Nditabwerera pabalaza, Bambo anali pomwe paja. Ndinagwada patali pang'ono, ndinayamba kupepesa chifukwa choulula. Anakweza dzanja.

"Amake Kanyerere, inu kunama simutha, ndinaona Lolemba lomwe. Ndipo mwana wanga uja ndinamuphunzitsa ndekha, shati sikanamupusitsa. Chotsala chinali chakuti amve zoona, ndipo ine pakamwa panga sizikanatuluka. Mwana wamkazi sumuuza zotere."

Ndinawafunsa ngati ndiye kuti za shatizo zinali zongondiika pamalo. Anati munthu akachita manyazi mkwiyo umakhala pafupi, ndipo ankafuna ukhale pafupi. Ankalankhula ngati mmene amafotokozera za akathyali awo a pa TV. Ndinaganiza za munthu amene ankalolera kugona ndi ludzu kuti asanyowetse pogona, amene lero wadzivula yekha pamaso pa mwana wake kuti ine ndi mwana wanga tisagone panja.

"Za sukulu zija pepani," anatero. "Sindiganiza choncho."

"Zinandipweteka, Bambo."

"Ndikudziwa. Ndinafunafuna china sabata yonse, koma zina zonse mukanangoseka."

Kupsa mtima kunali kusanathe konse, ndipo sindinafune kunama kuti kwatha. Ndinawauza kuti zikomo, ndinabwerezanso, kenako ndinati mawu amenewo asadzawanenenso ngakhale nyumba itayaka. Anati sadzatero.

Ndinadzuka kukamutenga Kanyerere kwa mayi wa mazira. Popita ndinadutsira kwa mwini chipinda mmodzi yekha amene sanandikaniziretu, amene anati mwina andiganizira Lolemba likubwerali, n'kumuuza kuti apatse wina.