Duwa la m'Chitini cha Penti

Ndinazula kachikwangwani kaja mumphika wa maluwa n'kukaponya pakauntala.

"Tandiwerengera," ndinamuuza mtsikana wogulitsa panazale ya maluwa. "Ine sukulu ndinalekezera kupulayimale, mwina maso akundinamiza."

Anawerenga monyinyirika. Pamwamba panali dzina la mwana wamkazi wa bwana wa nazaleyo. M'munsi mwake analemba kuti ndi mbewu yachilendo yochokera kunja.

"Kunja kwake kuti? Pakhonde panga? Kaitane bwana wako."

Amuna anga anagwira ntchito panazale imeneyo zaka makumi awiri, kuthirira ndi kulongedza dothi m'timapepala. Tsiku lina, pamzere wa mbande za duwa lija loyanga, losachita maluwa, lomwe anthu amaika pabalaza chifukwa cha masamba ake, mbande imodzi inatulutsa tsamba la mawanga oyera ngati alidonthezera mkaka. Kapitawo anati ikudwala, aitaye. Iwo anaitola kudzala n'kubwera nayo kunyumba m'chitini cha penti.

Ndinawaseka. "Anzanu amabweretsa nyama, inu matenda."

Zaka zisanu ndi ziwiri anakhala nayo. Lamlungu lililonse ankakhala pakhonde ndi lezala, kudula mphukira iliyonse yotuluka yobiriwira yokhayokha. Ankati, "Mayi a mwana, obiriwirawa ndi amphamvu. Ukawalekerera amalanda mtengo wonse, mawanga n'kuthawa osabwereranso. Okongolawa ndi ofooka, amafuna wowateteza." Duwali lilibe njere zoti n'kufesa, ankatero. Umadula kanthambi pamfundo, n'kusankha, n'kudulanso. Mawanga atakhazikika, anatenga tinthambi khumi n'kukapatsa bwana, atavala malaya a kutchalitchi. Bwana anawasisita paphewa. Basi.

Tsopano panali patatha masabata atatu chiikireni maliro awo, ndipo panazalepo miphika ya duwa lawo la mawanga lija inali ndandanda mpaka kukhoma.

Bwana anatuluka akupukuta magalasi. "Mayi, pepani kwambiri ndi zovuta zija."

"Musandipepese. Chotsani bodza ili."

"Ogula amakonda zakunja, mayi. Ndi malonda chabe."

"Mwana wanuyu anagwirako lezala? Akudziwa kuti mfundo n'chiyani? Mwamuna wanga zala zinachita kung'aluka ndi dothi lanu. Lembani dzina lake."

Anthu anali atasiya kusankha maluwa, akutiyang'ana. Bwana anatsitsa mawu. "Aliyense akhoza kunena kuti linayambira kwawo. Ngati mayi wake wa duwali alidi kwanu, mubwere naye. Ndikaona tsinde lakale, mawanga ake n'kukhala omwewa, ndisintha chikwangwani pamaso panu."

"Mawa mamawa," ndinatero. "Mukonzeretu cholembera."

Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, mtima uli m'malo koyamba chimwalirireni iwo. Nditakhota pakona ndinaona utsi kuseri kwa nyumba yathu.

Mlamu wanga, mchemwali wa malemu, anali atatsalira pambuyo pa maliro kuti azindithandiza. Munthu wosatha kukhala pansi. Ndinamupeza pakhonde, sizasi ili m'manja, nkhope ikuwala.

"Mwabwera alamu? Ndakukonzerani duwa la achimwene. Linali litagwidwa chiwawu lonse. Ndachotsa nthambi zonse zodwala, ndatentha pamodzi ndi zinyalala kuti matenda asafale."

Ndinayang'ana chitini. Zitsa zokhazokha, zikudontha madzi. Pambali panatsala mphukira imodzi yonenepa, yobiriwira bii, yomwe inatuluka amuna anga ali m'chipatala. Ndinkaiona tsiku ndi tsiku. Ndinkadziwa kuti iyenera kudulidwa. Koma lezala yawo inali pawindo pamene anaisiya, ndipo dzanja langa linkakana kuigwira.

Ndinathamangira kumoto n'kupalasa ndi manja. Ndinatola kanthambi kamodzi, kofewa ngati kophika.

"Iwe! Anakutuma ndani?"

"Koma alamu, masamba oyera ndi masamba? Ine ndimati ndithandize."

"Wamuphanso kachiwiri mchimwene wako! Wamva? Chipatala chinayamba, iwe wamaliza!"

Anakhala pansi n'kuyamba kulira, sizasi ikadali pachala. Sindinamutonthoze. Mawu amenewo sindinawabwezebe mpaka lero, ngakhale ndikudziwa kuti theka lake linkayenera ine.

Kunazale sindinapite. Ndikanapita ndi chiyani? Ndinasamutsira chitini pamalo owala, kuthirira monga ankachitira iwo, kuyamba ndapima dothi ndi chala. Ankanena kuti nthawi zina mawanga amabisala m'tsinde n'kudzatulukanso. Nthawi zina. Zitsa zinauma chimodzichimodzi. Mphukira ija yokha inkakula, ndipo kunsonga kwake kunatuluka tsamba lokulungika ngati ndudu. Masiku asanu ndi limodzi ndinalilondera, ndikuliunika padzuwa kuti mwina ndione kadontho koyera mkati.

Linatambasuka m'mawa wa tsiku limene mlamu ankanyamuka. Anatuluka ndi chikwama chake, maso ali pansi, popeza tinali tisakulankhulana. Atafika pachitini anaima. Anawerama, n'kulisisita ndi chala.

"Alamu," anatero motsitsa, ngati wopempha mtendere. "Taonani. Lachira."

Tsambalo linali lalikulu kuposa chikhatho changa, lonyezimira, lathanzi, lobiriwira kuyambira kuphata mpaka kunsonga, lofanana ndi la pakhomo pa munthu aliyense. Pawindo, lezala ija inali itayamba dzimbiri.