Dzina Loyamba pa Pepala la Lusubilo

Mizinda yozizira ilipo yambiri padziko lino, ndipo amene anayendako angakuwerengereni mpaka zala kutha. Koma kuzizira kwa pamalo okwerera basi ku Belgrave, kudziko la azungu, m'mwezi wa Novembala n'kwa mtundu wakewake. Kumalowera m'makutu n'kukatulukira kuzidendene. Apa ndi pomwe Lusubilo Mwafulirwa ankaima Loweruka ndi Lamulungu lililonse m'chaka cha 2018, kudikira basi ya kuntchito yopita ku Corby.

Anali mayi wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, wochokera ku Karonga. Mkati mwa sabata anali wophunzira wa chaka choyamba cha fizikisi payunivesite, m'kalasi ya ana oti akanatha kuwabereka kumbuyo ali makanda. Anawo sankamuda ayi. Ankangomutsegulira chitseko ngati mphunzitsi, n'kupitiriza nkhani zawo. Kumapeto kwa sabata ankagwira ntchito m'chinyumba chosungira katundu, chachikulu moti mabwalo a mpira asanu angalowemo n'kutsalabe malo oimika mabasi. Ntchito yake inali kuyang'anira lamba woyendetsa makatoni.

Lambayo anali ndi khalidwe lake. Pokhota pena makatoni ankathinana n'kuima, belu n'kulira, akapitawo n'kuyamba kukalipa. Anzake onse ankangokankha ndi ndodo. Lusubilo ankakankha, kenaka n'kulemba m'kabuku. Atalemba miyezi khumi ndi inayi anaona chinthu chimene maso zikwizikwi anachidumpha: makatoni ofanana kukula ndiwo ankathinana kawirikawiri, koma pakalowa kakang'ono kamodzi pakati pa akuluakulu asanu ndi awiri, njira inkatseguka yokha. Analimbana ndi masamu ake mpaka anadzaza masamba asanu ndi limodzi.

Masambawo anawatumiza kwa mphunzitsi wake, a Dokotala Noorjahan, mayi woyenda mothamanga nthawi zonse, amene anthu ankati makolo awo anachokera ku Limbe. Yankho linabwera la mzere umodzi: ndiwerenga ndikapeza mpata. Okutobala yense anatha mpatawo osapezeka.

Munthu wina woti amuuze analibe, kupatula a Willie a ku Normanton, ku Derby. Sanali m'bale wake, koma Mmalawi aliyense wa chigawocho ankawatchula amalume, pakuti ndiwo ankasindikiza mapulogalamu a maukwati ndi maliro onse. Lusubilo anawaimbira.

"Amalume, ndikufuna kusabimita pepala langa ku magazini ya asayansi."

"Eee, mwana wa ku Karonga! Makatoni akupatsa udokotala tsopano? Nanga pamwamba pali dzina la ndani?"

"Langa."

"Lako lokha? Iwe, unaionapo khadi ya ukwati yoyamba ndi mawu oti ine Lusubilo ndikukuitanani? Amayamba ndi makolo! Ndasindikiza mapulogalamu mazana atatu ine, kuchokera ku Southampton mpaka ku Aberdeen, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene mwana anatsogola. Ika aphunzitsi ako patsogolo, iwe pambuyo."

"Koma sanawerenge, amalume."

"Kodi mlendo wolemekezeka amaphika nawo? Ulemu sapempha chilolezo, mwanawe. Ukawafunsa akana mwamanyazi, ndiye iwe udzaoneka wodzimva."

Zinamveka zanzeru, ndipo kwawo zikanakhaladi zanzeru. Lachitatu masana, tsiku la Diwali, chikondwerero cha nyali, Lusubilo anakhala pakona ya laibulale n'kulemba maina awiri, la a Dokotala pamwamba ndi keyala yawo ya imelo, lake pansi. Anadina. Pobwerera anayenda wapansi mumsewu wa Belgrave, nyali zili psuu, mabanja atadzaza njira, agogo atagwira adzukulu dzanja. Anagula masamusa awiri n'kukadyera kuchipinda kwake ataimirira, chikhoto chili m'thupi.

Lolemba imelo ya a Dokotala inafika. Bwerani ku ofesi kwanga mawa 10 koloko. A magazini andilembera kundithokoza chifukwa cha pepala limene sindinalembe.

Lusubilo anatsegula buku la malamulo a sukulu. Zinalimo, zolembedwa mosapsatira: kuika dzina la munthu papepala iye osadziwa ndi chinyengo, ndipo wolakwa atha kuchotsedwa sukulu. Zaka zisanu ndi chimodzi zosamalira nkhalamba ndi kukankha makatoni kuti alowe pakhomo limeneli, n'kutulukira pa mzere umodzi! Anaimbira a Willie.

"Aaa, anthu akuno ndi malamulo awo," anatero a Willie. "Ndili pa shifiti, mwanawe, ndikukola ndikamaliza."

Sanaimbe.

Mu ofesi anapeza masamba ake ali patebulo, atafiira ndi inki ngati kalulu wosendedwa.

"Khalani pansi," anatero a Dokotala Noorjahan. "Mumafuna dzina langa likutsegulireni chitseko?"

"Ayi, madamu."

"Nanga mumafuna chiyani? Dzina papepala la sayansi ndi lumbiro. Limanena kuti ndinagwira ntchitoyi ndipo ikalakwika mundifunse ine. Inu mwandilumbiritsa ndili m'kalasi."

Lusubilo anayang'ana nsapato zake. Mawu anatuluka pang'onopang'ono.

"Kwathu mwana salemba dzina lake patsogolo pa akulu. Ndinaona ngati ndikaima ndekha pamenepo ndiye kuti ndakunyozani."

A Dokotala anavula magalasi n'kuyang'ana pawindo, pomwe mvula inkayenderera pagalasi.

"Bambo anga anali ndi sitolo ku Limbe," anatero. "Pachikwangwani panali dzina la akulu awo, a Farouk, munthu amene sanagulitsepo ngakhale singano. Atafika kuno anatsegula ina, n'kulembanso dzina lomwelo, mwiniwake atamwalira kale." Anavalanso magalasi. "Ndilembera a magazini kuti kunali kulakwitsa, ndipo pepala alichotse. Ku komiti yoweruza milandu sindikupititsani. Koma mukadzabwereza, sindidzakumbukanso za ku Limbe."

"Zikomo, madamu."

"Musathokoze msanga. Mwandikakamiza kuwerenga, ndiye ndawerenga. Masamu a tsamba lachitatu ndi olakwika kuyambira pamwamba mpaka pansi. Theka la zimene mukunena anazilemba ena inu musanabadwe, ndipo simunawatchule. Koma manambala a m'kabuku kanu aja sindinawaonepo kwina kulikonse. Konzani, mutumizenso."

"Ndi dzina lanu, mutavomera?"

"Ndinaimako ine pa lamba ku Corby? Lanu lokha."

Kukonzako kunatenga dzinja lonse. Lusubilo anawerenga mapepala a anthu a ku Chicago, a ku Paris ndi a ku Bangalore, nawapatsa malo awo mmodzimmodzi. Tsamba lachitatu analigwetsa kanayi n'kulimanganso. Pa basi ya ku Corby anzake ankagona, iye akufufuta. A Willie anamutumizira uthenga umodzi pa Khirisimasi, wokumbutsa za pulogalamu ya ukwati wina wa ku Nottingham. Za pepala sanafunse.

M'mwezi wa Malichi anakhalanso pakona yomwe ija ya laibulale. Pa fomu panali malo a maina asanu. Analemba lake pamzere woyamba, mizere inayi n'kutsala yoyera. Analiyang'ana dzinalo, ndipo linkaoneka ngati munthu amene wafika paphwando anthu onse asanabwere. Chala chinazengereza pang'ono, kenaka chinadina.

Kompyuta inati pepala lalandiridwa, yankho liyembekezeke pakatha miyezi itatu. Lusubilo anatembenuka. Kumanzere kwake kunali mnyamata wovala zomvetsera m'makutu, kumanja mpando wopanda munthu. Anatulutsa foni, nayang'ana maina omwe analimo, n'kuibwezera m'thumba. Anatola kabuku kake, namanga mabatani a chikhoto mpaka m'khosi. Mawa lake linali Loweruka, ndipo basi ya ku Corby sidikira munthu.