Mlandu wa Mutu Umodzi

Wometa wina anafika kukhoti atavala mathalauza awiri, lina pamwamba pa linzake. Anali malangizo a mkazi wake, amene anamva kwa anthu kuti m'ndende simenti imazizira. M'jumbo munali mswachi, sopo ndi kabulangeti ka mwana. Panalibe amene anawauza awiriwa kuti nkhani ya pepala la ntchito samangira munthu. Iwo akangomva kuti khoti, ankaona unyolo basi.

Mlandu wake unali wa mutu umodzi. Anameta zaka zisanu ndi chimodzi pa shopu ya bwana wina, ya mipando inayi ndi galasi khoma lonse. Tsiku loyamba ntchito anamupatsa pepala, iye n'kusaina osawerenga, monga timachitira tonse njala ikatipana. Atasiyana ndi bwanayo m'pamene anadziwa kuti analonjeza kusameta munthu m'tauni yonseyo kwa zaka zitatu. Anamvera ndithu. Makina anawatsekera m'sutikesi, nayamba kutsitsa matumba a simenti pa golosale ya zomangira, zala zija mpaka kuchita zikang'a.

Kenako mlamu wake anaitanidwa kumayeso a ntchito, mutu uli ngati chisa cha khoswe. Wometayo anamumvera chisoni, n'kumumeta kuseri kwa nyumba, pakati pa zovala zoyanika. Mlamuyo ndi wapakamwa: aliyense womuyamikira ankamuuza dzina la womumeta, ngakhale njira yakunyumba. Pasanathe masabata awiri samani inafika, yonena kuti bwana uja akufuna khoti limulande makinawo ndi kumuletseratu.

Anakhala pa benchi yapakhonde kuyambira m'mawa. Zitseko zinkatseguka ndi kutsekeka, mayina akuitanidwa, lake osamveka. Thukuta linkayenderera m'miyendo. Mkazi wake ankangomuuza kuti akalowa asayankhe mwamwano, ngati kuti anayamba wamuonapo akuchita mwano. Mantha ake enieni sanali a ndende. Ankaopa kuti akaweruzidwa, adzakalamba ndi thumba la simenti paphewa.

Itakwana leveni anadzilimbitsa mtima, napita pawindo la akalaliki. Kumeneko kunali mayi wa magalasi, amene anayang'ana samaniyo, nafufuza m'buku lalikulu, kenako pakompyuta.

"Bambo, mlandu wanu kulibe. Loya wa odandaula anauchotsa Lolemba."

Iye anaganiza kuti ausamutsira kwina, nafunsa kuti apite chitseko chiti. Mayiwo anavula magalasi, namufotokozera pang'onopang'ono kuti mwezi wathawu khoti lalikulu linagamula mlandu wa makaniko wina wa pepala ngati lomwelo. Oweruza anati munthu wodya za manja ake sungamumange manja ataleka ntchito kwa iwe. Kuyambira pamenepo mapepala otere anatha mphamvu, ndipo maloya akungochotsa milandu yawo mwakachetechete.

"Ndiye kuti ndikhoza kumeta, mayi?"

"Metani."

"Ngakhale poyera? Pamsewu?"

"Ngakhale moyang'anizana ndi shopu yawo, bola mukatenge chiphaso. Wotsatira."

Anabwerera pa benchi. Atamuuza mkazi wake, mkaziyo anaseka mpaka misozi, kenako anakwiyira wayilesi kuti bwanji sinanene mokweza. Wometayo naye kamkwiyo kanamugwira pang'ono poganizira chaka ndi miyezi inayi zimene anataya chifukwa cha pepala limene tsopano silingakulungire ngakhale sopo. Koma mkwiyowo sunakhalitse. M'chifuwa munangopepuka, ndipo anapuma mpweya umene ankaona ngati anausunga chichokereni pa shopu paja.

Potuluka, mlonda wa pageti anavula chipewa kuti apukute thukuta. Wometayo anaima. Mzere wa pachipumi unali wokhota, kuseri kwa khutu lamanja atasiya kachitsamba. Mkazi wake anamukoka malaya, iye osasuntha. Anayamba wayang'ana kumbuyo, kumene kunali zitseko za oweruza, kenako anayankhula ndi mawu oti ngakhale apakhonde amve.

"Achimwene, amene anakumetaniyo anakulakwirani. Ine ndine wometa. Mubwere Loweruka, ndikuuzani njira."