Ng'ona Yotsiriza ya a Custodio

Tsiku lachitatu chiikireni a Custodio m'manda, Loweruka masana, anthu akutali atamwazikana ndipo mitu ya abale ikuwalabe ndi lumo, banja linalowa m'kanyumba ka malata kuseri kwa msika wa Thambani, momwe malemuyo anaonetsamo kanema zaka makumi awiri, kuti lionere ng'ona yawo yotsiriza.

A Custodio anafika kuno ali mnyamata, pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo Chingerezi sanachidziwe kufikira imfa. Komabe ntchito yawo inali yomasulira mafilimu a azungu m'Chichewa, makamaka a ng'ona zikuluzikulu zija zomeza bwato ndi anthu ake omwe. Posamva zolankhula azunguwo, ankangopeka mawu awoawo nawajambula pamwamba pa filimuyo. Anali ndi chizolowezi chimene Thambani yense ankachidziwa: aliyense wa mufilimu ankam'patsa dzina la munthu weniweni wa m'deralo. Wowalakwira ankadyedwa koyambirira. Amene am'khululukira ankafika kumtunda ali wonyowa, koma wamoyo. Ambiri ankalowa m'kanyumbamo kukamva mlandu wawo.

Edite, mwana wawo wamkazi, anakhala pabenchi lakumbuyo. Zaka zisanu ndi ziwiri zinali zitatha chichokereni pakhomo ndi dalaivala wina wa thiraki, amene pambuyo pake anam'siya kumalire, komwe tsopano ankaphikira apaulendo. Tsiku lochokalo bambo ake ananena pamaso pa anthu kuti mwana wamkazi analibe. Pamaliro anafika bokosi atakhoma kale. M'mawa wa Loweruka lija mayi ake, a Liness, anam'dandaulira kuti asabwererenso kumalire, pakuti nyumba inali itawakulira. Edite anayankha kuti sangakhale pakhomo pa munthu amene anafa asanam'tchulenso dzina. Pamenepo mchimwene wake Gonjetso anaulula kuti panali filimu imodzi imene bambo anajambula chifuwa chitawagwira kale, ndipo chijambulireni mawuwo panalibe amene anaionera.

A Petro, mng'ono wa malemu, anali atapangana kale ndi galimoto ya matola kuti mawa lake anyamule kanema ndi mabenchi kupita nazo kwawo kwa Kanduku. Analola kuti aonere, bola zithe dzuwa lisanapendeke.

Gonjetso anayatsa. Panaoneka dambo lalikulu la madzi obiriwira, ndi bwato la azungu asanu ndi awiri. Kenaka mawu a munthu amene anam'kwirira Lachinayi anadzaza nyumba, osasa, opumira m'mwamba, koma anthabwala monga kale. A Liness anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Mzungu wonenepa wa chipewa anakhala Petro. Mawuwo anam'chenjeza kuti mimba yakeyo ndiyo ikupendeketsa bwato, ndipo asanayankhe, madzi anang'ambika, ng'ona yotalika ngati basi inam'tenga ndi chipewa chomwe. Anthu anaseka asanakumbuke kuti ali pamaliro.

"Achimwene awa," anatero a Petro akupukuta m'maso, "ali m'manda koma akundidyetsabe."

Mayi wachikulire wotsala padoko ndi dengu anatchedwa Liness, ndipo mawuwo anam'yamika kuti ndiye yekha wanzeru. Mnyamata wopalasa anakhala Gonjetso. Ng'ona inam'dula mwendo, koma anakwawira pachilumba. Wogulitsa nyama wa pamsika anadyedwa, mkulu wa kwaya anapulumuka. Aliyense analandira gawo lake.

Panatsala mtsikana mmodzi wa malaya achikasu, wosamva zonena anzake, amene anadumpha m'bwato nayamba kusambira yekha. Edite anaweramira kutsogolo. Mawuwo anam'tchula mtsikanayo kuti mwana wa eni. Anabwerezanso kachiwiri, kachitatu: mwana wa eni akusambira, mwana wa eni watopa. Edite anadikira, manja ali pakati pa mawondo. Ankalolera ngakhale kudyedwa, bola adyedwe ndi dzina lake.

Mtsikanayo anafika pamtengo wouma womera pakati pa madzi, nakwera, nalendewera panthambi. Pansi pake ng'ona inazungulira mosafulumira, maso okha ali pamwamba. Apa nthabwala zinatha. Kwa nthawi yaitali kunamveka kupuma kokha, ndi Chingerezi cha mtsikanayo chimene panalibe wochimasulira. Kenaka a Custodio analankhula motsitsa, ndi liwu limene sankaligwiritsa ntchito pa makasitomala.

"Gwiritsitsa, mwana iwe. Usayang'ane pansi. Gwiritsitsa."

Anatsokomola kawiri. Chithunzi chinazima, kanema anasanduka wabuluu.

A Petro anaganiza kuti batire latha, nadzuka kukagwedeza mawaya. Gonjetso anawauza kuti batire lili bwino. Filimuyo ndiyo yathera pomwepo. Gonjetsoyo ndiye amene anaibweretsa kuchokera ku Blantyre isanamasuliridwe, ndipo ankakumbuka kuti inkapitirira ndithu. Bambo anaidula dala.

Anatuluka mmodzimmodzi, akuphethira ndi kuwala kwa dzuwa. Pamsika anthu anali kugula tomato monga masiku onse. Edite anam'peza mchimwene wake atatsamira chipupa.

"Achimwene, inu munaiona yonse. Nthambi ija imatani?"

Gonjetso anayang'ana kumbali, nayamba kunena za utali wa filimuyo ndi za chifuwa cha bambo, kuti mwina mpweya ndiwo unawathera. Edite anafunsanso funso lomwelo.

"Imathyoka," anatero.

A Liness anali atafika kumbuyo kwawo. Anagwira mwana wawo padzanja, namuuza kuti wadzimvera yekha. Kuti munthu uja zaka zonsezi sanadulepo filimu, ngakhale ana ankalira ndi mantha. Kuti masiku amene ankajambula imeneyi ankabwera kunyumba osakhudza chakudya.

"Sanafune kuti ufe, mwanawe. Ukufunanso chiyani?"

"Sanafune kuonerera, amayi. Koma pamtengo paja anandisiyapo. Wa nyama uja anam'tchula, wa kwaya anam'tchula. Ine ndine mwana wa eni."

A Liness anali atakhala ndi mwamunayo zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ankadziwa kuti zonse ziwiri zinali zoona: sakanatha kuona mwana wake akugwa, ndiponso sakanatha kum'tsitsa.

Mawa lake a Petro anakweza kanema, batire ndi mabenchi pagalimoto ya matola. Edite anakwera yomweyo, nakhala pamwamba pa mabenchiwo ndi kachikwama kake, mpaka pamsewu waukulu, pomwe anatsika nadikira ya kumalire. A Liness anatsala okha m'nyumba, ndipo m'kanyumba ka malata kaja mwezi wotsatira munalowa wometa tsitsi.