Anthu Awiri mwa Ba Kabamba

Exildah anakwatiwa ndi Abson Kabamba dzina la bamboyo litamveka kale. Masiku amenewo munthu wa mu Lusaka amene sanaone Fumbi la Chunga ankachita manyazi kuvomera. Inali filimu ya mayi wogulitsa makala amene mwana wake anasowa pamsika. Itatha imeneyo kunabwera Alonda, ya amuna awiri olondera nyumba ya katundu ku Heavy Industrial Area, odana koma ootha moto umodzi. Anthu ankamuimitsa Abson pa Cairo Road kuti angomugwira chanza.

Atakwatirana anasamukira ku Kabulonga, ndipo mafilimu anapitiriza kutuluka: Mkwatibwi wa Bwana, Mfiti mu Ofesi, ndi ena amene ngakhale Exildah ankawasokoneza mayina. Tsiku loonetsa filimu yatsopano iye ankavala diresi latsopano, kukhala mpando wakutsogolo, n'kuwomba m'manja mpaka zikhato kuwawa. Pobwerera kunyumba mwamuna wake ankafunsa kuti waiona bwanji, iye n'kuyankha kuti yaposa zonse. Sankaona kuti akunama. Ankaona kuti ndi mmene mkazi amayankhira.

Zinthu zinasintha pamene ophunzira za mafilimu anakonza zomulemekeza Abson poonetsa ntchito zake zonse mu holo ina m'tauni. Tsiku lomaliza linali la mafunso. Mphunzitsi wina wachinyamata, dzina lake Morris, anaimirira atagwira maikolofoni ndi manja awiri ngati akupereka mphatso kwa apongozi.

"Ba Kabamba, munikhululukile," anatero. "Ine nikaona mafilimu yanu, nimaona anthu awili. Wina anapanga Fumbi la Chunga. Wina anapanga Mkwatibwi wa Bwana. Nifuna chabe kudziwa, uja woyamba anayenda kuti?"

Anthu anaseka, Abson nayenso anaseka, n'kuyankha kuti mwana aliyense ali ndi nkhope yake. Koma Exildah, amene anakhala pafupi naye, anaona chala cha mwamuna wake chikugogoda pa bondo. Potuluka anamva mayi wina kumbuyo kwake akunong'oneza mnzake kuti aliyense akudziwa amene ankapanga mafilimu oyamba aja. Atacheuka, amayiwo anamumwetulira n'kuyamikira nsapato zake.

Patangopita masabata ochepa Abson anayamba kuchoka pakhomo masana. Anali atamaliza kujambula filimu yatsopano, ndipo ankanena kuti akupita ku Woodlands kwa Bruce, amene ankamulumikizira zithunzi pa kompyuta. Ankabwerako ali duu, nthawi zina ali wokwiya, chakudya n'kungochitola pang'ono. Foni yake, imene kale inkagona paliponse, tsopano inkayenda naye mpaka kubafa.

Loweruka lina ali yekha, Exildah anatulutsa mafilimu onse n'kuyamba kuwaonera motsatana, kuyambira woyamba. Aka kanali koyamba kuwaona popanda anthu omuyang'ana. Oyambawo anamukhudza ngati kale. Enawo anamutopetsa. Anthu a m'mafilimuwo ankalira mokuwa pamene munthu weniweni akanangokhala chete, ndipo aliyense wolemera anali woipa kuyambira pa chithunzi choyamba. Anadabwa kuti maso ake anali kuti zaka zonsezi.

Koma pakati pa mafilimu ofookawo panali imodzi yosiyana, Mvula ya Kaunda Square, imene Abson anapanga chaka chimene Exildah anali ndi pakati pa mwana wawo Kayla. Inali yabwino ngati oyamba aja. Pamalo ena m'filimuyo, mnyamata akuthawa mvula, ndipo kuseri kwa mpanda kumamveka mayi akuitana mwana wake. Nkhope ya mayiyo sioneka. Exildah anabweza malowo kangapo. Mawuwo ankawadziwa. Anali a Febby Sakala, amene anasewera mayi wa makala mu Fumbi la Chunga, amenenso anasewera mkazi wa mlonda mu Alonda. Abson ankanena kuti iye ndi Febby anasiya kulankhulana iye asanakwatire Exildah.

Exildah anazimitsa wailesi ya kanema. Anakumbukira miyezi ija ya pakati, miyendo itatupa, mwamuna akubwera mochedwa n'kumati ntchito yachuluka.

Lolemba ali ku ntchito kwake anaimbira Bruce, n'kufunsa ngati amuna ake anaiwala magalasi kumeneko.

"Ba Kabamba? Sanabwele kuno kuyambila mwezi watha, mami," anatero Bruce. "Anatenga filimu yonse, akuti afuna kuiganizila."

Exildah sanafunse kanthu kunyumba. Lachinayi anapempha kuweruka masana, anakwera takisi, n'kukaima chapatali ndi geti lawo lomwe. Galimoto ya Abson itatuluka, anauza woyendetsa kuti aitsatire. Siinakhotere ku Woodlands. Inalowa mu Great East Road n'kupitirira mpaka ku Chelstone, kumene inaima pa nyumba ya mpanda wa maluwa ofiira.

Anadikira pang'ono, kenaka anagogoda. Anatsegula ndi bambo wamtali wa imvi, atanyamula paipi yothirira ndiwo.

"Ndine Exildah, mkazi wa ba Kabamba."

"Ine ndine Clive, mwamuna wa Febby," anatero bamboyo, osadabwa konse. "Lowani. Ali mkati, ayamba kale kukangana. Ine akayamba nimathawila ku dimba."

Exildah anali atakonzeka kupeza zambiri, koma osati mwamuna wa nyumbayo akumutsegulira geti. Anadutsa pakhonde. Asanalowe anamva mawu aja a kuseri kwa mpanda, okalamba tsopano koma omwewo.

"Iwe Abson, leka bodza. Mkazi amene wapeza mwamuna wake wamwalila sakamba mawu yonse aya. Chotsa."

Exildah anaima. Pa zaka zonse za ukwati wawo sanamvepo munthu akunena kuti iwe kwa mwamuna wake. Ngakhale iye mwini sanayerekezepo.

M'chipinda chochezera makatani anali otseka. Febby anakhala pa mpando waukulu, mwendo umodzi atausanjika pa kampando, ndodo ili pambali. Abson anakhala pa mpando wa pulasitiki pafupi ndi kanema woonetsa filimu yatsopano ija, ngati mwana wasukulu woitanidwa kwa ahedi. Ataona mkazi wake anaimirira msanga mpaka rimoti inagwa.

"Amake Kayla, mwabwera bwanji kuno?"

"Ndimafuna ndione ku Woodlands kumene mumapita," anatero Exildah.

Febby anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka analoza mpando. "Khalani, mayi. Ine n'namuuza kuti akuuzeni. Ni wamantha uyu."

Exildah anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamiyendo. Anafunsa funso limene linali losavuta pa mafunso ake awiri. "Anthu akunena kuti mafilimu abwino aja munapanga ndinu. Ndi zoona?"

Febby anapukusa mutu. "Ine kamela siniidziwa na pogwilila. Zonse ni zake. Maso ali nayo, palibe wina mu Lusaka. Koma ni waulesi, ndipo akonda kutamandidwa. Akajambula chinthu kamodzi, onse akuti zabwino ba dayilekita, iye wakhuta. Ine n'nali kukana. Nikakana akwiya, ayenda, mawa abwela na chinthu chabwino kuti anichititse manyazi. Ni mmene tinali kusewenzela."

"Nanga munasiyirananji?"

"Anatopa na kukanidwa. Munthu akatchuka safuna kumva ayi."

"Koma pa Mvula ya Kaunda Square munabwerera."

Febby ndi Abson anayang'anizana. Kanali kanthawi kochepa, koma Exildah anakaona.

"Anabwela kunipempha," anatero Febby. "Monga manje."

Tsopano Exildah anatsala ndi funso lachiwiri. "Ndi filimu yokha imene inkakubweretsani pamodzi?"

"Ilo funsani amuna anu," anayankha Febby mosatekeseka. "Ine nikayankha simuzakhulupilila."

Abson anatola rimoti pansi n'kuipukuta ndi malaya. "Ndi ntchito chabe, amake Kayla. Ndinabisa chifukwa ndinachita manyazi. Mnyamata uja ananena zoona pamaso pa anthu."

Mawuwo anali omveka. Koma Exildah anali atangomva kumene kuti mwamuna wakeyo amakhuta ndi chinthu chojambula kamodzi, ndipo yankholi linamveka ngati lokonzedwa kale.

Potuluka anapeza Clive akuthirira repu. Bamboyo anatseka madzi n'kumuperekeza ku geti.

"Funso limene mwabwela nalo nilidziwa," anatero motsitsa mawu. "Ine n'nakhala nalo zaka zambili. N'nalisiya chifukwa linali kunidwalitsa, osati chifukwa n'napeza yankho."

Anabwerera ku Kabulonga pa galimoto imodzi. Atafika pa mphambano ya ku Munali, Exildah analankhula osamuyang'ana mwamuna wake.

"Kumene kuja musapitekonso. Ngati mukufuna munthu wokukanirani, ndilipo. Mkwatibwi wa Bwana ndi filimu yoipa. Mfiti mu Ofesi ndi yoipa koposa."

Abson anagwira chiwongolero mwamphamvu. "Bwanji simunanene nthawi yonseyi?"

"Simunkafunsa kuti mumve."

Anavomera kuti sapitakonso. Filimu inabwerera kwa Bruce ku Woodlands, ndipo Exildah ankaimba foni kumeneko nthawi ndi nthawi, n'kumupeza mwamuna wake alipodi. Madzulo Abson ankabweretsa zidutswa kuti aonere limodzi. Exildah anayesetsa. Ankatha kunena kuti apa sipali bwino, koma Abson akafunsa kuti chalakwika n'chiyani, iye ankasowa mawu. Tsiku lina anakana malo ena chifukwa chongofuna kukana, ndipo Abson anamuyang'ana mwachisoni n'kuwasiya momwemo.

Filimuyo inatuluka mvula itayamba. Inali ya mkazi wamasiye wa ku Kabwata amene abale a mwamuna wake ankafuna kumulanda nyumba. Exildah anakhala mpando wakutsogolo monga mwa nthawi zonse. Theka loyamba holo inali zii, munthu osatsokomola. Kenaka filimu inayamba kufooka. Alamu a mkaziyo anayamba kukuwa, nyimbo zinachuluka, ndipo kumbuyo kunayamba kuwala mafoni. Exildah anadziwa malo enieni pamene Febby analekera.

Koma mapeto anali ena. Iye anali ataona mapeto kunyumba, a mkazi akulankhula kwa nthawi yaitali m'khoti. Awa sanali amenewo. Mkazi wamasiyeyo anangokhala pakhonde akusenda mbatata, alamu ake ataima pa geti ndi lole, ndipo sanadzutse mutu mpaka iwo anachita manyazi n'kubwerera. Panalibe mawu ngakhale amodzi. Magetsi atayaka anthu anaimirira akuwomba m'manja.

Morris anabwera kudzagwira chanza cha Abson, n'kunena kuti munthu woyamba uja wamuonako, ngakhale kuti pakati anasowanso. Abson anaseka, ulendo uno mochokera pansi pa mtima.

Ali m'galimoto, Exildah anafunsa kuti mapeto aja anawasintha liti.

"Sabata yatha. Ndinajambulanso Lachiwiri m'mawa."

"Anakuuzani ndani kuti oyamba aja sanali bwino?"

"Palibe. Ndinaona ndekha."

Exildah anayang'ana nkhope yake m'kuwala kwa magalimoto obwera kutsogolo. Zikanatheka kuti anaonadi yekha, pakuti maso anali nawo. Zikanathekanso kuti foni ya ku Chelstone inalira. Anaganiza zoimbira Clive m'mawa mwake, koma anadziwa kuti bamboyo adzangomuuza za ndiwo zake.

"Mapetowo ndi abwino," anatero.

"Nanga pakati?"

"Pakati mukudziwa kale."

Abson anagwedeza mutu n'kuyatsa zopukutira galasi, chifukwa mvula inali itayambanso. Pa mphambano ya ku Kabulonga panali madzi ambiri mumsewu, ndipo anadutsapo pang'onopang'ono.