Tsiku Limene a Chipewa Sanaime

Atelala okalamba a pakona ya msewu anthu ankangowatchula kuti a Chipewa, chifukwa sankadutsana ndi munthu, wamkulu kapena wamng'ono, popanda kuima, kuvula chipewa ndi kufunsa za moyo wa pakhomo ponse. Zaka zawo zonse anazithera pa mpando wa makina osokera. Mapazi okha ndiwo ankapalasa. Thupi lotsalalo linkangokhala phee, likufufuma pang'onopang'ono ngati buledi.

Vuto linaonekera tsiku limene anapita kukaona nyumba yatsopano ya mwana wawo wamkazi, yemwe anali woyembekezera. Iye ndi mwamuna wake anali atasamukira pamwamba penipeni pa nyumba yosanja yopanda chikepe. A Chipewa anayamba kukwera masitepe mwaulemu wawo wonse, koma asanafike ndi pakati pomwe mpweya unawathera. Anakhala pansi pa sitepe, jekete yawo yabwino ikupukuta fumbi, akupuma mwawefuwefu. Mkamwini wawo, munthu wamtima wabwino koma wosaganiza kawiri, anagwada patsogolo pawo n'kuwapatsa msana.

"Bwerani ndikuberekeni kumbuyo, bambo. Kuntchito ndimanyamula matumba olemera kuposa inu."

A Chipewa anamuyang'ana nthawi yaitali. Atapeza mpweya wokwanira mawu, anati, "Zikomo, mwananga. Koma ine si thumba."

Anatsika khomo la mwana wawo osaliona. Panjira anauza akazi awo kuti mdzukulu akadzabadwa adzakwera masitepe amenewo ndi miyendo yawoyawo, apo ayi sadzakwera n'komwe.

"Ndiye kuti mwanayo adzakuonani atamera kale mano," anatero akazi awo.

Mayiwo sanalekere pomwepo. Anaitanitsa mng'ono wawo, namwino wa pachipatala, mkazi wosasowa choyankha, amene pa dziko lonse ndiye yekha ankaloledwa kuseka a Chipewa pamaso. Namwinoyo anayamba wawatengera kwa adokotala, amene anamvetsera mtima, kuyeza kuthamanga kwa magazi, n'kuvomereza kuti akhoza kuyamba kulimbitsa thupi. Pobwerera kunyumba namwino anakhala pa tebulo lodulira nsalu, chinthu chimene a Chipewa ankadana nacho kwambiri.

"Alamu, mwamva nokha. Mtima wanu si wodwala, ndi waulesi basi. Unatengera eni ake."

"Muzilankhula bwino za mtima wa munthu wamkulu. Ndipo tsikani patebulopo."

"Nditsika mukamva. Muziyenda m'mawa dzuwa lisanatenthe. Poyamba pang'onopang'ono, kuti thupi lidzuke. Kenaka yendani ndawala, osati kuthamanga ayi. Muyezo wake ndi uwu: muzitha kulankhula, koma mukayesa kuimba mpweya uzikuperewerani. Ngati mukutha kuimba, ndiye kuti mukuchita ulesi. Ngati mukulephera ngakhale kulankhula, mwapyola, chepetsani. Pomaliza musamadzigwetse pampando ngati mtolo. Muziyendabe pang'onopang'ono mpaka mtima utakhazikika. Masiku ena muzipuma, ndipo sabata iliyonse tiziwonjezera pang'ono. Botolo la madzi lisachoke m'manja. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, imani pomwepo, mutume munthu adzandiitane."

"Nanga jekete?"

"Jekete itsale. Tayi atsale. Nsapato zanu zogogodazo zitsale, mugule zofewa."

"Chipewa sichitsala."

"Chipewa ndiye chokhacho chanzeru pa zovala zanu zonse, chikutchingirani dzuwa."

A Chipewa anali munthu wosunga lamulo. M'mawa uliwonse woyenera ankatuluka ndi botolo lawo la madzi, ndipo ankabwera dzuwa litakwera ndithu, nkhope ili ngwee. Akazi awo ankanyadira kwa anzawo kuti bambo masiku ano amayenda mpaka kuiwala kunyumba. Patapita masabata angapo namwino anabwera kudzaona zipatso zake. Anadikira pakhonde, ndipo alamu ake atangofika anawagwira pamkono kuti amve kugunda kwa mtima. Anagwiranso kumsana kwa malaya. Kunali gwaa, kouma ngati angowachotsa pachingwe.

"Alamu, mwachokera koyenda kapena kogona?"

"Funsani akulu anu nthawi imene ndinatuluka."

 M'mawa mwake namwino anawatsata chapatali. A Chipewa anatuluka bwinobwino, nayamba kuponya miyendo, koma asanapite patali anakumana ndi mlonda wa pasitolo. Anaima, anavula chipewa, anafunsa za mwendo wa mlondayo, za akazi ake, za ana mmodzimmodzi, ndi za denga limene linkadontha. Atatsazikana anayenda pang'ono n'kufika pa mayi wogulitsa matimati. Anaima. Kenaka panali wokonza njinga, kenaka wometa tsitsi, kenaka munthu wina amene ankangofunsa njira. Pamene ankafika kumapeto kwa msewu, miyendo ya namwino inali ikuwawa chifukwa choimirira kuseri kwa mpanda.

"Uku si kuyenda, alamu," anatero atatulukira. "Uku n'kuzonda anthu. Mtima wanu ukangoti udzuke, inu mwaima, iwo n'kufundanso bulangete."

"Tsono mukufuna ndimudutse munthu ngati ndikudutsa mtengo wa magetsi?"

"Kwezani dzanja, muzipita."

"Dzanja timakwezera minibasi, osati munthu."

Kunyumba akazi awo anayesa kuthandiza, nati mwina bambo aziyenda msewu umene anthu sakuwadziwa. A Chipewa anayankha kuti msewu wotero kulibe, ndipo ngakhale ukanakhalapo, mlendo ndiye amafunika moni wautali koposa chifukwa pamafunika kumufunsanso kumene akuchokera.

Namwino analeka kuseka. "Mwana wanu watsala pang'ono kuchira, alamu. Mukapitiriza chonchi mudzakhalanso pa sitepe yomwe ija, ndipo mkamwini adzagwadanso. Sankhani nokha."

Tsiku limenelo a Chipewa sanasoke kanthu. Anakhala pa makina akutembenuza chipewa m'manja. Pofika madzulo anali atagamula mlandu: chipewa chidzavulidwa, mawu onse adzanenedwa, koma miyendo sidzaima.

Kutacha anazungulira bwalo la nyumba pang'onopang'ono monga anauzidwira, kenaka anatuluka ndawala. Mlonda anawaona akubwera, natsamiritsa chibonga chake pakhoma, nakonza kukhosi, wokonzeka kufotokoza za mwendo.

"Mwadzuka bwanji, alonda? Mwendo uja uli bwanji? Mundikhululukire, sindiima!"

Chipewa chinakwera, chinatsika, ndipo a Chipewa anadutsa. Mlonda anatsala kukamwa kuli yasa. Chiyambire ntchito pa sitolo imeneyo anali asanaonepo msana wa atelala moni usanathe. Anazindikira msanga kuti kwagwa zoopsa. Anatola chibonga n'kuwatsatira akutsimphina.

"Kwagwanji, bambo? Ndi moto? Ndi akuba?"

"Palibe chaonongeka. Ndikudzutsa mtima. Nanga akunyumba adzuka bwanji?"

"Adzuka bwino, kaya inu. Mtima wa ndani?"

Mayi wa matimati ataona atelala akudutsa osaima, mlonda ali pambuyo ndi chibonga, anasiyira mnzake benchi, namanga nsalu m'chiuno, nayamba kuwathamangira. Wokonza njinga anatsatira atanyamula gudumu limene ankalikonza, poti analibe nthawi yoganiza zolisiya. Wometa anatuluka ndi lumo m'manja, ndipo munthu amene ankametedwa, poona kuti mutu wake wasiyidwa theka, anatsatira wometayo nsalu ili m'khosi. Pofika pa mphambano linali khamu. Kutsogolo anthu ankamva kuti atelala akulimbitsa thupi. Pakati nkhani inali yoti akuthamangitsa wakuba. Kumbuyo kwenikweni kunamveka kuti mwana wawo wachira mapasa, ndipo amayi ena anayamba kale kululutira.

A Chipewa sanaphonye munthu. Aliyense amene anafika pambali pawo anamuvulira chipewa, kumufunsa za ana ndi za odwala, miyendo ikupitabe. Mlonda anafotokoza nkhani yonse ya mwendo wake akuuyendera womwewo. Thukuta linayamba kutsika m'masaya mwa atelala, ndipo malaya anamatirira kumsana.

Namwino, amene anabwera kudzaonerera, anaseka mpaka kugwira mpanda. Atapukuta misozi analowa m'khamumo n'kufika kutsogolo.

"Pachifuwa pali bwanji, alamu? Chizungulire?"

"Palibe. Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Ndadzuka. Taimbani nyimbo!"

"Pamsewu?"

"Imbani!"

A Chipewa anatsegula pakamwa nayamba nyimbo ya kutchalitchi. Mawu oyamba anatuluka bwino, achiwiri anaduka pakati, achitatu anangokhala mpweya.

"Eya! Pomwepo!" anafuula namwino akuomba m'manja. "Musawonjezere, musachepetse!" Kenaka anacheukira wometa, amene maso anali atatong'oka. "Inu ometa, dzina lanu ndani?" Wometayo anayasama, mpweya osamulola kutulutsa liwu. "Mwapyola. Chepetsani, muziyenda pang'onopang'ono kumbuyoko, ndipo musanayambe zimenezi mukaonane kaye ndi adokotala. Pindani lumolo musanachekere munthu khutu."

"Nanga mutu wangawu?" anadandaula wometedwa theka uja.

"Mbali yometedwayo ikupitidwa mphepo bwino. Thokozani."

Pobwerera a Chipewa anachepetsa liwiro monga mwa lamulo, ndipo khamu lonse linachepetsa nawo, likupuma ngati ng'ombe zochokera kolima. Atafika pakhomo anamwa madzi, natembenuka, nathokoza aliyense chifukwa chowaperekeza. Anazindikira ndi chimwemwe chachikulu kuti panalibe moni umene unatsalira: za mwendo anamva, za denga anamva, ndipo anamvanso kuti ali ndi zidzukulu ziwiri zimene zinali zisanabadwe.

Kuyambira pamenepo msewu unazolowera. Wofuna moni wa a Chipewa ankayenda nawo kachigawo, kuyankha zonse, n'kubwerera ku ntchito yake. Pa masiku opuma atelala ankavala jekete ndi tayi, n'kuyendera anthu omwewo moimaima, kuti ulemu usazilale. Namwino ankatalikitsa njira pang'onopang'ono, ndipo pambuyo pake anawonjezera masitepe a mlatho wa oyenda pansi, poyamba ochepa, kenaka onse.

Mwana anabadwa, wamkazi, mmodzi yekha. Kuchipatala kunapita akazi a atelala okha. A Chipewa anati lonjezo lawo linali la masitepe. Mayi ndi khanda atatuluka m'chipatala n'kukafika kwawo pamwamba paja, ena onse a m'banjamo anasonkhana pansi pa nyumba yosanja ija. Atelala anapereka jekete kwa akazi awo, nayang'ana m'mwamba, nayamba kukwera mosafulumira. Mkamwini ankabwera pambuyo manja atatambasula.

"Mkamwini," anatero a Chipewa osacheuka, "manja m'thumba."

Atafika pa sitepe imene anakhalapo tsiku lija anaivulira chipewa, napitirira. Chapamwamba pang'ono anakumana ndi mayi wina wachikulire akutsika ndi dengu. Namwino anagwira mkono wa mkulu wake, poopa kuti zonse zithera pamenepo.

"Mwaswera bwanji, mayi? Kunyumba kuli bwanji? Mundikhululukire, sindiima."

Mayiyo, amene analeredwa bwino, sakanatha kuyankha msana wa munthu. Anatembenuka ndi dengu lake n'kukwera nawo mpaka atamaliza kufotokoza za chifuwa cha amuna ake.

Pa malo okhotera a Chipewa anaima kamodzi, namwa madzi, poti namwino anali atanena kuti kupuma pang'ono si kugonja. Kenaka anamaliza otsalawo. Anaima pa khomo limene anali asanalionepo, nakoka mpweya, ndipo unalipo.

"Odi kuno!"

Mwana wawo anatsegula akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Bambo! Mwakwera nokha? Khalani, khalani apa!" Anakoka mpando.

"Ayi, mwananga. Azakhali ako analetsa kudzigwetsa pampando."

"Si azakhali, ndi amayi aang'ono," anatero namwino. "Masitepe akusokonezani mutu. Yendani."

Motero a Chipewa anazungulira chipinda pang'onopang'ono, akuyamikira makatani ndi kudandaula za msoko wake, mpaka mtima unakhazikika. Anasamba m'manja, navala jekete, namanga mabatani onse. Atatero anaima patsogolo pa khandalo n'kuvula chipewa.

"Mwafika bwino, mayi? Ine ndine agogo anu. Ndabwera ndi miyendo yanga."

Anamulandira m'manja mwawo. Khandalo linatsegula diso limodzi.

"Tsopano imbani, alamu," anatero namwino chapansipansi.

Anaimba nyimbo yomwe ija, ndipo ulendo uno sinaduke paliponse. Itatha, mkamwini, amene anali akupumabe mwawefuwefu pakhomo chifukwa chokwera manja ali m'thumba, anafunsa ngati apongozi adzafune thandizo potsika.

A Chipewa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mawa m'mawa, mkamwini, mudzandipeze pakona. Mubwere ndi nsapato zofewa."