Kawalala Wotchedwa Odi

Azakhali a Nelesi analigwira bukulo ndi nsonga za zala ziwiri, ngati nsanza yonyowa, n'kuligwetsa pa tebulo pakati pa milu ya zovala za malemu.

"Werenga, Trinity. Iwe ndiwe unapita kusukulu. Werenga umve zimene atate ako anali kuchita m'nyumba muno."

Linali tsiku lachitatu chiwaikire m'manda bambo Jabez Mvula. Anthu anali atabalalika, eni tenti anali atadzatenga tenti yawo, ndipo pabwalo panangotsala udzu wopondedwa ndi phulusa. M'nyumbamo munatsala anthu atatu: Trinity, mchimwene wake Ricky, ndi azakhali awo ochokera ku Katete, amene kuyambira m'mawa ankatulutsa katundu m'chipinda cha mlongo wawo kuti agawidwe.

Trinity anatsegula bukulo. Linali la chikuto chakuda, longa lolembamo ana asukulu. Zilembozo anazidziwa nthawi yomweyo, zoongoka ndi zosamalika, za munthu amene anasunga katundu wa boma zaka makumi atatu osasowetsa ngakhale msomali. Anawerenga mokweza pang'ono.

"Chovala: chakuda, chophimba ndi mutu womwe. Nsapato zosamveka poyenda. Zida: kampeni kamodzi, mawaya otsegulira maloko. Mankhwala ogonetsa agalu, koma ndifunse kaye ngati n'zofunikadi. Palibe amene amadziwa nkhope yake."

Pansi pake panali chithunzi cha munthu wofunda kumutu, chojambulidwa ndi pensulo. Manja ake anafufutidwa n'kujambulidwanso kambirimbiri mpaka pepala linatsala pang'ono kubowoka.

"Mkulu wa mpingo," anatero azakhali, mawu ali pansi. "Munthu amene anali kunyamula mgonero. Madzulo ano kubwera abusa na amai a chigwirizano kudzapemphera. Mmodzi chabe akaona ichi, dzina la mlongo wanga latha. Adzati n'chifukwa chake anali kukhala yekha, n'chifukwa chake anagwa mwadzidzidzi. Tiliwotche, pamodzi na kompyuta yake ija."

Ricky anali atakhala pa mkono wa mpando, akuyang'ana foni. Sanadzutse mutu.

"Wotchani bukulo, ba Anti. Kompyuta ine nizatenga. Mailo, kukacha, nibwerera ku Kitwe, sinifuna kusiya nkhani kumbuyo."

"Sufuna kudziwa kuti n'chiyani?" anafunsa Trinity.

"Ine nidziwe bwanji? Nikhala kutali. Iwe uli pa Lusaka apa, minibasi imodzi chabe. Ndiwe unayenera kudziwa zimene ba Dadi anali kuchita."

"Iwe unawatumira foni liti komaliza?"

"Nanga iwe unabwera liti komaliza?"

Trinity anabwera komaliza pa Pasaka, ndipo tsopano unali mwezi wa Ogasiti. Tsiku lija anakhala maola atatu okha, anadya nkhuku imene atate ake anamuphera, n'kunyamuka dzuwa likadalipo poopa kuchuluka kwa magalimoto pamsewu. Foni ankaimba Lamlungu lililonse, koma zokambirana zake zinali zomwezomwezo. Muli bwanji, ba Dadi? Nili bwino, mwana wanga, gwira nchito. Nkhuku zili bwanji? Ziikira. Mphindi ziwiri zisanathe, onse awiri ankakhala atasowa chonena.

Bambo Jabez anamanga nyumbayi ku Chongwe atapuma pantchito, pa puloti yatsopano yozunguliridwa ndi mipanda ya anthu ogwira ntchito mu Lusaka, ochoka m'mamawa n'kubwera kutada. Ankati adzakalambira pano ndi akazi awo, koma amayi anamwalira denga litangokhomedwa. Zaka zisanu ndi chimodzi bambowo anakhala okha ndi nkhuku zawo za mazira. Anagwera pakhomo pa khola Lachiwiri m'mawa, chidebe cha madzi chili m'manja, ndipo amene anawaona anali woyendetsa lole ya mchenga amene ankadutsa.

Trinity anatembenuza chikuto cha bukulo. Mkati mwake munalembedwa dzina, Clarissa, ndi nambala ya foni.

"Nipatseni mpaka masana, ba Anti," anatero. "Ngati sinipeza yankho, nizayatsa moto ine wemwe."

Anatuluka n'kukaimbira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola. Nkhuku zinathamangira ku waya poganiza kuti wabweretsa chakudya. Mayi amene anayankha foniyo atamva dzina la Mvula anati akubwera akangoweruka.

Anafika cha m'ma thu koloko wapansi, fumbi lili m'nsapato. Anali mayi wa zaka ngati makumi anayi, mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina kufupi ndi Chalimbana. Trinity anaikumbukira nkhope yake; pa tsiku la maliro mayiyu anaima kumbuyo kwenikweni, osalankhula ndi munthu. Anagwada n'kupereka moni kwa azakhali, anapepesa maliro, kenako anakhala pa mpando umene anamulozera. Ataona bukulo pa tebulo, anagwira pakamwa, ndipo sizinadziwike ngati akuseka kapena akulira.

"Ili ni buku ya Odi," anatero.

"Odi n'ndani?" anafunsa azakhali.

"Kawalala, munthu wakuba, wa ba Mvula. Wa mu gemu, amai. Sewero chabe la pa kompyuta."

Anafotokoza pang'onopang'ono, monga wozolowera kuphunzitsa. Iye ankabwera kuno Lachisanu lililonse kudzagula mazira. Tsiku lina, akudikira kuti bambowo atole m'khola, anali kulemba pa foni uku akuseka yekha. Bambo Jabez anamufunsa chimene chikumuseketsa. Iye anawauza kuti ali ndi anzake anayi, wina ku Ndola, wina ku Chipata, awiri mu Lusaka, amene amakumana pa intaneti Loweruka masana. Amalowa m'sewero la dziko longopeka, la malinga ndi mafumu ndi zilombo za m'nkhalango. Aliyense amapanga munthu wakewake, kumpatsa dzina, nkhope, luso ndi mbiri, ndipo m'seweromo amalemba ndi kulankhula ngati munthuyo.

"Ananifunsa mafunso mpaka n'nachedwa basi. Chisanu chotsatira anafunsanso. Chachitatu ananiuza ati, 'Ba Clarissa, kodi okalamba amaloledwa?'"

Ricky anali ataika foni m'thumba.

"N'nawauza kuti asankhe," anapitiriza Clarissa. "Angakhale msilikali, angakhale wansembe wochiritsa anzake. N'naganiza kuti mkulu wa mpingo azasankha wansembe. Koma anafunsa kuti n'chiyani chimene gulu lathu lilibe. N'nati tilibe kawalala, munthu wozemba, wotsegula zitseko zokhoma kuti anzake adutse. Anaganiza, anaganiza, ndiye akuti, 'Moyo wanga wonse nakhala munthu wa makiyi. Nifuna nimve mmene chimamvekera kulowa popanda kiyi.'"

"Atate ako amenewo?" anatero azakhali, akuyang'ana Trinity. "Amene anakubweza kusukulu wapansi chifukwa cha pensulo ya mnzako?"

"Anatenga masabata sikisi kumupanga," anatero Clarissa. "Ena amatsiriza mu ola limodzi. Iwo anali kulemba m'buku umu, kufufuta, kunidikira Chisanu kuti anifunse. Dzina lokha linatenga sabata. Pamene ananiuza kuti ni Odi, n'naseka. N'nati, ba Mvula, kawalala sachita odi pakhomo. Iwo akuti, 'Uyu analeredwa bwino.'"

Anatambasula dzanja n'kutsegula tsamba lina, pamene panali mizere ndi manambala. Anafotokoza kuti gemuyo imapatsa munthu mapointi oti agawe pa maluso osiyanasiyana: mphamvu, liwiro, kumenya nkhondo, kubisala, kutsegula maloko, kumva zonong'onezana. Bambo Jabez anaika pafupifupi onse pa kutsegula maloko ndi pa kumva. Pa mzere wa nkhondo analembapo ziro.

"N'nawachenjeza kuti Odi azafa pa ndewu yoyamba. Anati, 'Sinifuna kumenya munthu. Anyamata aja amenye, ine nizawatsegulira.' Ngakhale mankhwala ya agalu aja anakana pothera pake. Anati galu sanalakwe."

Trinity anatenga bukulo n'kupitiriza kutsegula yekha. Panali tsamba la kumene Odi anabadwira, mudzi wa m'mphepete mwa phiri umene unkafanana kwambiri ndi kwawo ku Katete. Panali tsamba la zimene amaopa, ndipo panalembedwa chinthu chimodzi chokha: kudwala. Tsamba lomaliza linali ndi mutu wakuti Abale ake. Pamenepo zilembo zinali zazing'ono kuposa kwina konse.

"Ali ndi ana awiri m'mizinda yakutali. Ali bwino, ndipo ndi ana abwino. Safuna kuwasokoneza."

Sanawerenge mokweza. Anapereka bukulo kwa Ricky, chala chili pa mzerewo. Ricky anawerenga, anatseka bukulo, analiika pa tebulo mosamala, n'kutuluka panja. Patapita kanthawi anamva chidebe chikugunda pa mpopi, kenako chitseko cha khola chikulira.

Azakhali a Nelesi anakhala nthawi yaitali akusalaza chitenje pa maondo awo. Iwonso anali amasiye, ndipo kwawo ankakhala okha m'nyumba ya zipinda zinayi.

"Ndiye kuti zinali zachibwana chabe," anatero pomaliza.

"Inde, amai. Sewero."

"Anali kuseka, mlongo wanga, pochita zimenezi?"

"Maningi. Anali kuseka mpaka kutsokomola."

Azakhali anagwedeza mutu. "Ine chimwalirire mlamu wanga sin'namumvepo akuseka." Anaimirira, ananyamula mulu wa malaya, n'kulowa nawo kuchipinda. Za moto sanazitchulenso.

Anatsala awiri. Dzuwa linali litapendeka, ndipo kuseri kwa mpanda kunkamveka amisiri akukhoma malata pa nyumba ina yatsopano. Trinity anafuna kufunsa zambiri, koma funso lililonse linkamuchititsa manyazi, chifukwa linkaonetsa kuti mlendo wogula mazira ankawadziwa atate ake kuposa iye.

"Anasewerako?" anafunsa. "Kapena anafa akali kumupanga?"

"Kawiri chabe. Koyamba anangoyenda kumbuyo kwathu, kuphunzira mabatani. Kachiwiri ni pa Chiweru, tsiku lathu losewera, masiku atatu asanagwe." Clarissa anatulutsa foni yake. "Zonse zimene timalemba zimasungika. Mufuna muone?"

Anasendeza mpando n'kumuonetsa. Anafotokoza kuti tsikulo gulu lawo linkafuna kiyi wa chipata cha mzinda, ndipo kiyiyo anali m'nyumba ya wamalonda wina wokalamba. Alonda ankazungulira nyumbayo, choncho Odi anali ndi kanthawi kochepa kolowa ndi kutuluka. Clarissa, amene ankatsogolera nkhaniyo, anali atalemba kuti kunja kukugwa mvula yamasana, ndipo mkuluyo wagona pa mpando pafupi ndi zenera lotsegula, kiyi ali pa tebulo, bulangete litagwera pansi.

Trinity anawerenga zimene atate ake analemba, pansi pa dzina la Odi.

"Odi watsegula chitseko mwakachetechete. Wavula nsapato chifukwa zili ndi matope. Watenga kiyi."

Pansi pake panali mawu a enawo, otsatizana mofulumira. Tulukani, ba Odi. Alonda afika. Thawani manje manje.

Clarissa anati apa panapita mphindi zingapo popanda yankho, moti iwo anaganiza kuti netiweki yaduka. Sinaduke. Bambo Jabez ankalemba ndi chala chimodzi, ndipo ankafufuta akalakwitsa chilembo. Trinity anatsitsa ndi chala chake mpaka anafika pa mzere womaliza.

"Dikirani pang'ono, anzanga. Odi watola bulangete, wawafunditsa akuluwa mpaka m'mapewa. Watseka zenera kuti mvula isawanyowetse. Tsopano akubwera."